Mnyamata wa lupanga asankhe koleji iti ku America?

Mu July 2020, yunivesite ya Stanford ku California inalengeza kuti ithetsa matimu 11 a masewera chifukwa ndalama zinali kuperewera. Pa mndandandawo panali timu ya anyamata ndi ya atsikana ya fencing, masewera aja amene anthu awiri ovala zoyera ndi zophimba kumaso amalimbana ndi malupanga osathwa. Anyamata amene anakana sukulu zina n'kuthamangira kumene anaphunzira Alexander Massialas, mwini mendulo yasiliva ya Olimpiki ya ku Rio mu 2016, anangoti kakasi. Ophunzira akale analonjeza ndalama, ena anakasuma kukhoti, ndipo mu May 2021 Stanford inasintha maganizo.

Anzawo a ku Brown analibe mwayi umenewo. Mu May 2020 yunivesiteyo inatsitsa matimu onse awiri a fencing kuti akhale makalabu wamba a ophunzira. Timu ya atsikana inabwezeretsedwa chaka chomwecho nkhani itafika kukhoti. Ya anyamata inatsalira pomwepo.

Chinapulumutsa atsikanawo ndi lamulo la mu 1972 lotchedwa Title IX, limene limaletsa sukulu yolandira ndalama za boma kukondera pakati pa amuna ndi akazi. Lamuloli ndi labwino, ndipo latsegulira akazi zitseko zambiri. Koma poti timu imodzi ya mpira wa chiAmerica imameza anyamata oposa 100, sukulu zikafuna kuti chiwerengero chifanane zimadula masewera ang'onoang'ono a anyamata. Cornell, Northwestern ndi Temple zili ndi matimu amphamvu a fencing a atsikana okha. M'dziko lonse, makoleji okhala ndi timu ya anyamata pansi pa NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, sakwana 40.

Mnyamata wa zaka 16 sayambira pamenepa. Iye amayang'ana zikho. Notre Dame ya ku Indiana inatenga chikho cha NCAA mu 2017 ndi 2018, kenako katatu motsatizana kuyambira 2021 mpaka 2023. Columbia inachitenga mu 2015, 2016 ndi 2019, Harvard mu 2024. Kumeneko ku Notre Dame n'kumene kunachokera Nick Itkin, amene anapata mendulo yamkuwa ku Paris mu 2024. Ndani sangafune kuvala jekete la sukulu yoteroyo? Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo nyerere zake pano ndi masamu osavuta.

Malupanga alipo amitundu itatu. Pa foil umaloledwa kugunda thunthu lokha, pa épée thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, pa sabre kuyambira m'chiuno kupita kumtunda. Sukulu ziwiri zikakumana, lupanga lililonse limaimiridwa ndi anyamata atatu, aliyense n'kulimbana ndi atatu a mbali inayo. Ndewu zonse zimakwana 27, iliyonse imatha wina akagunda kasanu, ndipo timu yoyamba kupambana 14 ndiyo yawina. Pa mpikisano waukulu wa NCAA wa mu March malo amachepanso: lamulo lakhala loti sukulu imodzi isatumize anthu oposa awiri pa lupanga limodzi. Choncho mnyamata wachinayi pa épée ku Notre Dame akhoza kukhala katswiri woposa woyamba wa sukulu ina yaing'ono, koma woyambayo ndiye adzakwera ndege kupita kumpikisano, mnzakeyo akuombera m'manja kumbali. Zaka zinayi zitha choncho. Pali ubwino wake ndithu, chifukwa kuyeserera tsiku lililonse ndi akatswiri a Olimpiki kumanola dzanja, koma ndi bwino mwanayo adziwiretu chimene akugula. Funso lofunika kwa kochi ndi lakuti, pa lupanga langa muli ndi anyamata angati, nanga akumaliza liti sukulu?

Pa ndalama makolo ambiri amadzinamiza. Mpaka 2025, NCAA inkalola timu ya anyamata ya gawo loyamba kugawa thandizo la fizi lokwana la anthu anayi ndi theka basi, timu yonse, ndipo si sukulu zonse zinkafikitsa pamenepo. Chaka chimenecho khoti linavomereza mgwirizano umene unachotsa malire a thandizoli m'sukulu zimene zalowa nawo, n'kuika malire a chiwerengero cha osewera m'timu. Kuchotsa malire sikubala ndalama, ndipo fencing sigulitsa matikiti. Sukulu za Ivy League monga Harvard, Princeton, Columbia, Yale ndi Penn sizipereka ngakhale dola imodzi chifukwa cha masewera. Zimayang'ana mmene banja limapezera, kotero wosauka akhoza kulipira zochepa kwambiri pamene wopeza bwino alipira madola oposa 80,000 pa chaka. Sukulu za gawo lachitatu, monga New York University, Brandeis, MIT ndi Johns Hopkins, nazonso sizilipira wosewera. Phindu lenileni la lupanga m'sukulu zimenezi ndi mawu a kochi ku ofesi yosankha ophunzira, pamalo pamene ofuna kulowa ndi ankhaninkhani. Ngakhale mawuwo sapulumutsa mwana amene magiredi ake ndi ofooka.

Makochi a gawo loyamba amaloledwa kuyamba kulankhula ndi mwana pa 15 June, atatha chaka chachiwiri cha sekondale. Pofika tsikulo amakhala atamuona kale m'mipikisano ya North American Cup, atawerenga mapointi ake a achinyamata ndi chilembo chimene bungwe la USA Fencing limapereka, kuyambira A kutsika mpaka E. Mwanayo nayenso afufuze. Kochi wamkulu nthawi zambiri amakhala katswiri wa lupanga limodzi, ndiye wa sabre afunse amene adzamuphunzitsa payekha. Afunsenso ngati ochita uinjiniya kapena okonzekera udokotala amaloledwa kuchedwa kokayeserera tsiku la labu, poti maola 20 pa sabata amene NCAA imalola sawerengera maulendo a Loweruka ndi Lamlungu.

Mayina aakulu aja si njira yokhayo. Peter Westbrook, amene anapata mendulo yamkuwa pa sabre ku Los Angeles mu 1984 n'kukhazikitsa bungwe lophunzitsa ana a mabanja osauka ku New York mu 1991, anadutsira ku New York University. Daryl Homer, wa siliva ya sabre ku Rio, anaphunzira ku St. John's ya ku Queens, sukulu imene inatenga chikho cha NCAA mu 2001. Ku St. John's komweko kunapita mnyamata wina wa ku Tunisia, Fares Ferjani, atapeza kumeneko makochi ndi anzake a lupanga lake. Mu July 2024 anafika m'ndime yomaliza ya sabre ku Paris, anagonja kwa Oh Sang-uk wa ku South Korea, ndipo anabweretsa mendulo yasiliva ku Africa.