Ng'ombe ndi Nyengo ya Chisanu

Anzathu a m'koperativa, lero tiphunzira za ng'ombe pa nyengo yozizira. Kuno kwathu chisanu chimabwera mu Juni ndi Julayi. Mvula imakhala italeka. Udzu umauma. Mphepo ya mwera imaomba usiku ndi m'mawa. Ng'ombe zimayamba kuonda. Kodi chimaondetsa ng'ombe n'chiyani, chisanu kapena njala? Tiyeni tione.

Moto wa m'mimba

Thupi la ng'ombe ndi lofunda kuposa la munthu. Limakhala pa madigiri 38 kapena 39. Chifu cha ng'ombe chili ndi zigawo zinayi. M'chigawo chachikulu muli tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tizilomboti timaphwanya udzu umene ng'ombe yadya. Ntchito imeneyi imatulutsa kutentha, monga m'mene mulu wa manyowa umatenthera mkati. Ng'ombe yokhuta ikagona n'kumabzikula, imakhala ikuotha moto wake womwe. Koma moto umafuna nkhuni, ndipo nkhuni zake ndi chakudya. Ng'ombe yanjala imayamba kutentha mafuta a m'thupi mwake. Mafuta akatha, imatha minofu. Ndi pamene nthiti zimayamba kuwerengeka.

Maiko a chisanu choopsa

Kuli maiko akutali kumene kumazizira koposa kuno. Kumagwa chipale chofewa, choyera ngati ufa, n'kukwirira udzu wonse. Ku Scotland kuli ng'ombe za ubweya wautali. Ubweya wakunja umakhetsa mvula, wamkati umasunga kutentha. Ku Yakutia, m'dziko la Russia, ng'ombe zimapirira chisanu cha madigiri 50 kunsi kwa ziro. Komabe alimi akumeneko amamweta udzu wambiri kukadafunda, nausunga kuti ng'ombe zidye m'khola miyezi yonse ya chisanu.

Ku Mongolia kudagwa tsoka m'chaka cha 2009 mpaka 2010. Poyamba kudachita chilala, ziweto sizidanenepe. Kenaka chisanu choopsa chidafika. Ziweto pafupifupi mamiliyoni 8 zidafa. Chisanu chidapeza ziweto zili zoonda kale, ndipo udzu wosunga udali wochepa.

Kumtunda kwa Angónia

Tsopano tibwere kwathu. Chigawo chathu cha Tete chili ndi nyengo ziwiri. Ku Angónia ndi ku Tsangano ndi kumapiri. Tawuni ya Ulongué ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Kumeneko usiku wa Juni ndi Julayi umazizira kwambiri. Nthawi zina chisanu chimawauza mbewu kudimba.

Ng'ombe za ku Angónia ndi za linunda ndi ubweya waufupi. Thupi lotere limapirira dzuwa kuposa chisanu. Ng'ombe yaikulu yokhuta sivutika kwenikweni. Ovutika ndi mathole, ng'ombe zokalamba ndi zodwala. Thole ndi laling'ono, lilibe mafuta, ndipo chifu chake sichinayambe kugwira ntchito mokwanira. Likagona pamatope mphepo n'kumaliomba, limayamba kutsokomola. Likhoza kufa ndi chibayo.

Kuchigwa cha Zambezi

Mzinda wa Tete uli pansi, m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi. Kuno, ndi ku Changara, Marara ndi Mágoè, chisanu ndi chochepa. Koma mvula nayonso ndi yochepa, ndipo imaleka msanga. Udzu wauwisi uli ndi zakudya zomanga thupi. Udzu wouma pamunda uli ngati mapesi akale, umadzaza mimba koma sunenepetsa. Njala imayamba pa chisanu, n'kukula mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamapitirira madigiri 40. Pa chilala cha 1992 ndi cha 2016, ng'ombe zambiri zidafa kuno kumwera kwa Africa posowa msipu ndi madzi.

Mitengo imatithandiza. Ng'ombe zimadya masamba a tsanya ndi a masau. Mtengo wa nsangu umakhala ndi masamba m'chilimwe, ndipo nyemba zake zimayoyoka nthawi ya njala. Tisadule mitengo imeneyi chisawawa.

Tsono taona. Kumapiri ndi kuchigwa komwe, mdani wamkulu ndi njala. Chisanu chimangomaliza ng'ombe yofooka kale.

Tichite chiyani?

1. Timwete udzu mu Malichi ndi Epulo, ukangoyamba maluwa. Tisankhe masiku a dzuwa. Tiuyanike masiku awiri kapena atatu. Tiuunjike pathandala, tifolere pamwamba kuti usanyowe ndi kudyedwa ndi chiswe.

2. Tikakolola, tisatenthe mapesi. Titute mapesi a chimanga ndi a mapira, masamba a mtedza, a nyemba ndi a khobwe. Masamba a mtedza ndi a khobwe ndi ndiwo ya ng'ombe, mapesi ndi nsima yake.

3. Tisunge gaga. Tipatse ng'ombe zoyamwitsa, zabere ndi zapagoli. Tiziika mchere pang'ono m'khola kuti zizinyambita.

4. Tikonze khola. Titchinge ndi mapesi kapena udzu mbali imene mwera umachokera. Mathole akhale ndi khola lawo lofolera, louma, loyala udzu pansi. Manyowa tichotse, apite kumunda.

5. Ng'ombe zimwe madzi tsiku lililonse. Ng'ombe yaludzu siidya bwino udzu wouma.

6. Tilambule njira zotchinga moto. Moto wolusa wa tsiku limodzi umatha msipu wa miyezi inayi.

7. Ng'ombe zokalamba tigulitse mu Meyi kapena Juni zikadali zonenepa. Tikadikira Okutobala, wogula adzatchula yekha mtengo.

Tiyeni tiwerengere. Ng'ombe yolemera makilogalamu 300 imadya pafupifupi makilogalamu 7 a chakudya chouma patsiku. Pa masiku 30 ndi makilogalamu 210. Ng'ombe zikakhala 10, ndi makilogalamu 2,100 pamwezi. Zina zidzapeza kutchire, koma zotsalazo ndi ife tiyenera kusunga. Munthu mmodzi sangamwete udzu wonsewu. Akulu adati mutu umodzi susenza denga. M'koperativa tipangane masiku omweta, tigawane zikwakwa ndi ngolo, timange thandala limodzi lalikulu.

Kumbukirani, mvula yoyamba imafuna ng'ombe zamphamvu. Ng'ombe yoonda siikoka khasu. Ikalephera kulima, timabzala mochedwa, ndipo nkhokwe siidzaza.

Mafunso okambirana

1. Kodi ng'ombe imapeza kuti kutentha kwa thupi lake?
2. Chifukwa chiyani mathole amavutika ndi chisanu kuposa ng'ombe zazikulu?
3. Tchulani mitengo itatu imene imadyetsa ng'ombe m'chilimwe.
4. Koperativa yanu ili ndi ng'ombe zingati? Werengerani chakudya cha mwezi umodzi, mulembe m'kope.