Mwana wa Kumapiri pa Sitima ya Ilala

Kuchokera mu mzinda wa Mzuzu kukafika padoko la Nkhata Bay ndi mtunda wosapitirira makilomita 50. Komatu mnyamata wobadwira ku Chibavi kapena ku Katawa akalembedwa ntchito pa sitima ya Ilala, amazindikira msanga kuti wafika kudziko lina. Iye wakulira m'chisanu ndi m'nkhungu, pamtunda pomwe nthaka siigwedera. Tsono nyumba yake yatsopano ndi chombo chimene chinapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, chinabwera m'zidutswazidutswa, nichilumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo chinayamba kuyenda panyanja ya Malaŵi mu 1951.

Makolo ake amamuperekeza ndi mtima uli m'mwamba, pakuti Kumpoto nkhani ya sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 ndi kupha anthu 145, siinaiŵalike. Koma chimene chimayamba kumugwetsa mnyamatayo ndi chizungulire. Pakati pa Meyi ndi Sepitembala mwera umaomba mwaukali, mafunde nakula. Mlendoyo amachita nseru, amasanza, ndipo fungo la nsima yomwe limamuipira. Gwero lake lili m'khutu. M'katikati mwake muli tiziwalo timene timauza ubongo kuti thupi likupendekeka, pamene maso, poona makoma a chipinda, amati zonse zili phee. Kutsutsana kumeneku ndiko kumavundula m'mimba. Akale pantchito amamuseka ndithu, koma pambuyo pake amamulangiza kuti atuluke panja, ayang'ane kutali kumene madzi akumana ndi thambo, ndipo azidya pang'onopang'ono. Ambiri amazoloŵera pakapita masiku oŵerengeka.

Ntchito nayo siiyembekeza wodwala. Ku Usisya ndi ku Ruarwe sitima imaima pakuya, maboti ang'onoang'ono natsitsidwa kuti atute anthu, matumba a chimanga ndi malata. Kaya kwacha, kaya kwada, wantchito amadzuka.

Choopsa chenicheni chimadza mwakachetechete. Mzuzu ali pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndipo chifukwa cha kuzizira malungo sakhala aukali monga m'mphepete mwa nyanja, kumene udzudzu umaswana chaka chonse. Tsoka lake ndi lakuti zizindikiro zoyamba za malungo, monga mutu, kusanza ndi kufooka, zimafanana ndi za chizungulire chija. Mnyamata amene dzana anasekedwa safuna kusekedwanso. Amaopanso kuti akulu a ntchito angamuyese wolobodoka, chikhalirecho kwawo abale akudikira malipiro ake oyamba. Motero amameza panado, nakhala chete.

Apa mpamene pali ngozi, pakuti malungo akaloŵerera amafika ku ubongo m'masiku ochepa. Komabe kusiyanitsa kwake nkosavuta. Chizungulire cha panyanja sichitenthetsa thupi, ndipo chimachepa sitima ikakocheza. Munthu amene akunjenjemera dzuŵa likuswa mtengo, sitima itaima pamadzi abata, afunika kupimidwa magazi tsiku lomwelo. Zipatala zilipo panjira: cha boma ku Nkhata Bay ndi cha St Peter's pachilumba cha Likoma. Koma sitima imaima maola oŵerengeka chabe, ndipo wobisa matenda akaphonya mpata umenewo, amapirira nawo pakati pa madzi mpaka doko lina limene lili ndi chipatala.