Akuchotsani ntchito mwatsankho: mlandu upite ku bwalo liti?

Tiyerekeze amayi awiri a ku Mualadzi, m'boma la Chifunde. Onse achotsedwa ntchito bwana atangodziwa kuti ali ndi pakati. Woyamba ankagulitsa m'sitolo ya munthu. Wachiwiri ndi namwino wolembedwa ndi Boma.

Onse awiri alakwiridwa. Ndime 35 ndi 36 za Malamulo Aakulu a dziko la Mozambique zimaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, kumene anabadwira, kapena chifukwa ndi mkazi. Koma milandu yawo siyipita ku bwalo limodzi. Funso loyamba ndi lakuti: anakulembani ntchito ndani?

Mayi wa m'sitolo uja ali pansi pa Lei do Trabalho, lamulo nambala 13/2023. Angayambe ku CEMAL, mumzinda wa Tete, kumene amakhazika pansi wantchito ndi bwana kuti agwirizane. Zikakanika, mlandu umapita ku bwalo la zantchito, Tribunal de Trabalho. Kumene bwalo lotere kulibe, Tribunal Judicial ndi imene imaweruza milandu yantchito.

Namwino uja njira yake ndi ina. Iye ndi wantchito wa Boma, choncho amayamba kudandaula mwa kalata kwa akuluakulu ake, ndipo bwalo lake ndi Tribunal Administrativo ya chigawo cha Tete.

Apa ndi pamene ambiri timaluza. Timathamangira kwa mfumu kapena ku Tribunal Comunitário chifukwa ndi pafupi ndipo timalankhula Chichewa. Kumeneko amathandiza pa mikangano ya m'mudzi, koma alibe mphamvu yolamula kampani kapena Boma kuti likubwezereni pantchito. Pamene tikudikira, masiku akupita, ndipo nthawi imene lamulo limapereka yokasuma ndi yochepa. Ikadutsa, woweruza angathe kukana mlandu ngakhale uli womveka.

Funso lachiwiri: ntchitoyo munkagwira kuti? Amene amawoloka pa Cassacatiza kukagwira ntchito m'mafamu a ku Zambia, mlandu wawo umaweruzidwa ndi mabwalo a ku Zambia komweko. Ku Malawi kuli Industrial Relations Court.

Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku IPAJ, ofesi ya Boma yothandiza osauka pa milandu. Tengani kontalakiti, kalata yokuchotserani ntchito, mapepala a malipiro ndi mayina a mboni. Kalata imene simunaimvetse musasayine; pemphani wina akuwerengereni kaye.