Ululu wa siza si wongopirira

Mwana akabadwa, nthungululu zimamveka ndipo maso onse amakhala pa khandalo. Koma kwa mayi amene wachira kudzera pa opaleshoni, yomwe ambiri amangoti siza, ulendo umakhala utangoyamba kumene.

Pa opaleshoniyi dokotala amacheka pamimba mpaka kufika pa chiberekero, ndipo bala lake limatalika masentimita 10 mpaka 20. Jakisoni wa pamsana amachititsa dzanzi kwa maola ochepa chabe. Akatha mphamvu ululu umayamba, ndipo umakula kwambiri masiku awiri kapena atatu oyambirira.

Vuto ndi lakuti amayi ena amangodzilimbitsa poopa kutchedwa amantha, pomwe ena amakana mankhwala poganiza kuti aononga mkaka wa m'mawere. Chonsecho panado ndi bulufeni sapweteka mwana woyamwa.

Panado amamwedwa mapiritsi awiri a 500mg pakatha maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 patsiku, ndipo amathandiza bwino akamwedwa panthawi yake, osadikira kuti ululu ufike povuta. Bulufeni amafunika kumwa utadya, ndipo sayenera kwa odwala zilonda za m'mimba. Asipirini ndi codeine ndi osayenera kwa mayi woyamwitsa pokhapokha dokotala atalamula.

Kugonera pamphasa tsiku lonse nakonso kumachedwetsa kuchira. Kuyenda pang'onopang'ono kumachotsa mpweya wotupitsa mimba komanso kumateteza magazi kuti asaundane m'miyendo. Podzuka, mayi ayambe wagonera chammbali kenaka n'kudzikankha ndi mkono. Potsokomola kapena kuseka, kugwiriza chitenje chopinda pabalapo kumachepetsa ululu.

Chiyeso chachikulu chimadza mayi akafika pakhomo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, katundu woposeratu khanda lomwe mayiyo akuloledwa kunyamula. Kutunga madzi, kusinja, kulima ndi kusenza nkhuni ziyenera kudikira masabata osachepera 6. Apa ndi pomwe bambo, apongozi ndi achibale amaonetsera chikondi chawo.

Ululu woyenera umachepa tsiku ndi tsiku. Ukamakulirakulira, kapena bala likatupa, kutuluka mafinya ndi kununkha, mayi athamangire naye kuchipatala. Chimodzimodzinso akamatentha thupi, kutaya magazi ambiri, kutupa mwendo umodzi, kubanika kapena kumva mutu waukulu.

Kupaka zitsamba kapena phulusa pabala kumangoitana matenda. Bala limafuna madzi aukhondo, sopo ndi kuliumitsa bwino basi.