Anazungulira dziko lapansi pa mthuthuthu, nagona m'nyumba za eni

Anthu ambiri a kumidzi amaidziwa njinga yamoto, imene ena amaicha mthuthuthu, cifukwa ca alangizi a zaulimi ndi anchito a cipatala amene amafika nayo m'midzi. Ulendo wa anthu amenewa ukatalika ndiye kuti anyamuka pa boma m'mamawa nabwerera dzuwa lisanalowe. Koma kunali munthu wina wa ku Britain, Bambo Ted Simon, amene anakwera njinga yotereyi mu mzinda wa London pa 6 October 1973, ndipo sanabwerere kwao kufikira m'caka ca 1977. M'zaka zinai zimenezo anapyola maiko 45, limodzi mwa maikowo ndi Zambia, nayenda mamailosi opitirira 60,000. Mtunda umenewu ndi woposa maulendo 150 a kucokera ku Chipata kukafika ku Lusaka.

Bambo Simon anali mtolankhani wa zaka 42, ndipo nyuzipepala ya Sunday Times ndiyo inawathandiza ndi ndalama kuti azitumiza nkhani za m'njira. Sanali katswiri wa njinga ai. Anaphunzira kuiyendetsa patangotsala miyezi yowerengeka kuti anyamuke. Njinga yao inali Triumph Tiger 100, ya injini ya 500cc, yopangidwa pa fakitale ya ku Meriden. Anaimangirira mabokosi ndi zikwama za zitsulo zokonzera, mankhwala, zobvala ndi zogonera, kotero kuti ikagwa pansi kuidzutsa kunali nchito yotulutsa thukuta.

Ngakhale munthu aisenzetse cotani, njinga yamoto siingasanduke lole. Petulo amene inyamula ndi wa tsiku limodzi kapena awiri, madzi akumwa cimodzimodzi. Ilibe citseko cakuti mwini wace adzitsekere m'kati. Mvula ikagwa imampeza, fumbi likabuka limamlowa m'maso, ndipo akaima pa mudzi ali yense amaona nkhope yace ndi kutopa kwace. Wa pa galimoto akhoza kupitirira midzi zana osalankhula ndi munthu. Wa pa mthuthuthu sangathe kutero, ndipo ici ndico cinacititsa kuti ulendo wa Bambo Simon ukhale m'manja mwa anthu amene sanawadziwe n'kale lonse.

Tsiku limene ananyamuka ndilo tsiku lomwe nkhondo inabuka pakati pa Israel ndi maiko a Egypt ndi Syria, pamene njira yao inali yodzera ku Egypt komweko. Anapyola France ndi Italy, naoloka nyanja pa sitima kukafika ku Tunisia. Mlendo asanaponde ndi dothi lomwe la Africa anali atapeza kale pogona, pakuti mnyamata wina amene anakomana naye m'sitimamo anawatengera kwa makolo ace, m'komboni ya anthu osauka ya mu mzinda wa Tunis. Kucokera uko anadzera ku Libya. Ambiri anawauza kuti malire a Egypt ndi otseka cifukwa ca nkhondo, koma iwo anapitabe, ndipo analoledwa kulowa. Ku Alexandria injini inabvuta, ndipo anaimasula naikonza m'galaja ya eni dziko.

Ciyeso cacikuru cinawapeza ku Sudan. Atatsika sitima ya pamtunda pa tauni ya Atbara, anafuna kudutsa cipululu kuti akafike ku Kassala, pafupi ndi malire a Ethiopia. Kumeneko kunalibe mseu weniweni, koma mikwaso cabe ya malole imene inali kumwazikana mumcenga. Ali yense amene anayendetsapo njinga mumcenga wa m'dambo adziwa m'mene zimakhalira: gudumu la kumbuyo limangozungulira pamodzimodzi, la kutsogolo limapita kumene lifuna, injini imatentha, ndipo petulo amatha msanga koposa pa mseu wa tala. Bambo Simon anawerengera petulo wao monga munthu wozolowera miseu ya ku Ulaya. Atagwa kangapo, naona kuti mafuta otsala sangawafikitse, anazindikira kuti cipululu acipeputsa.

Ali wolefuka cotero anafika pa malo ochedwa Kinedra, pamene panali sukulu ya anyamata. Aphunzitsi a pa sukuluyo sanayambe ndi kufunsa makalata kapena ndalama. Anawapatsa madzi ndi tiyi, pogona ndi cakudya, nawasunga kufikira mphamvu zitabwerera, ndiponso anawathandiza kupeza petulo, cinthu cimene cinali cosowa kwambiri m'dera limenelo. Mlendoyo analibe cobwezera coposa nkhani za ulendo wace, zimene anasimbira ana a sukuluwo. Anthu aja anali Asilamu olankhula Ciarabu, mlendo wao anali Mzungu wa dziko limene linawalamulira kufikira 1956, koma zimenezi sizinalowe m'mbale ya cakudya. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Aphunzitsi a ku Kinedra anasunga munthu amene anadziwa bwino lomwe kuti sadzapindula naye kanthu.

Tisanene kuti ponseponse panali cimwemwe. Ku Ethiopia, kumene njala yoopsa inapha anthu ambiri m'caka ca 1973, miseu inali ya miyala yokhayokha, ndipo m'midzi ina ana anali kuwaponya miyala. Munthu wa njala sayang'ana mlendo wa katundu wambiri ndi diso lomwe amamuyang'ana nalo munthu wokhuta. Ndiponso si onse amene anawathandiza anali acilendo. Kampani ya Lucas, imene inali kupanga zamagetsi za njingayo, inali ndi nthambi m'mizinda ikuluikulu monga Nairobi, ndipo kumeneko njinga inali kukonzedwa. Ena anali abwenzi a abwenzi ao, anthu amene dzina lao linalembedwa pa kapepala ndi mnzao wa kutali. Ulendo wautali umayenda motero: amene wakusunga lero ndiye akuuza khomo lokagogoda mawa.

M'dziko lino analowa kuciyambi kwa 1974, nthawi ya dzinja, kucokera ku Tanzania. Acikulire adzakumbukira m'mene zinthu zinalili masiku amenewo. Boma la Ian Smith ku Rhodesia linatseka malire ace ndi Zambia mu January 1973, ndipo pamene Smith anafuna kuwatsegulanso, Dr Kenneth Kaunda anakana. Katundu wambiri wa dziko lino anali kudzera pa mseu wa kumpoto wopita ku Dar es Salaam, umene madalaivala anaucha Hell Run usanaikidwe tala, ndipo m'mbali mwace anchito a ku China, Tanzania ndi Zambia anali kuyala njanji ya TAZARA, imene inatha mu 1975. Mseu umenewu ndiwo unabweretsa Bambo Simon. Atafika ku Livingstone sanathe kuoloka pa mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Anatsata mtsinje wa Zambezi kufikira pa Kazungula, naolokera ku Botswana pa pontuni, ndipo kucokera uko ndiye analowa m'Rhodesia. Pamalo pamene anaolokerapo panatsegulidwa mlatho waukuru mu May 2021.

Atafika ku Cape Town, Africa anali atamtsiriza kucokera kumpoto kufikira kumwera. Anakakwera sitima ya katundu pa doko la Lourenço Marques, limene tsopano ndi Maputo, m'masiku omwe asilikari anagwetsa boma la ku Portugal mu April 1974. Sitimayo inawatsitsa ku Fortaleza, kumpoto kwa Brazil, dziko limene pa nthawiyo linali m'manja mwa asilikari. Apolisi a kumeneko anaona Mzungu wa makamera, wocokera ku Africa pa sitima ya katundu, namganizira kuti ndi kazitape. Anawatsekera masiku khumi ndi awiri popanda mlandu. Amene anawapatsa denga mu mzindawo, asanagwidwe ndiponso atatulutsidwa, anali ansembe Acikatolika ocokera ku Ireland. Munthu wotsekeredwa m'dziko la eni, wosadziwa cinenero cao, cimene amaopa koposa ndi cakuti palibe amene adziwa kumene ali. Iwo anali ndi anthu kunja amene anali kudziwa.

Za ku America, Australia ndi Malaysia n'zambiri. Ku California anakhala miyezi ingapo pa famu ya anthu olima pamodzi, nagwira nao nchito, mpaka ulendo unatsala pang'ono kuthera pomwepo. Kulandiridwa bwino nako kuli ndi msampha wace: pamene wakhuta ndi kukondedwa, kumanganso katundu pa njinga kumawawa koposa kugwa mumcenga.

Pofika ku India anali munthu wina. Tsiku lina petulo anawathera pa mtunda wa mamailosi 10 kapena 15 kucokera ku tauni ya Gaya. Munthu yemwe uja amene anada nkhawa m'cipululu ca Sudan, tsopano anangotsamiritsa njinga, nakhala pansi pa mtengo kudikira, pakuti zaka zitatu za pa mseu zinali zitawaphunzitsa kuti wina adzabwera ndithu. Anabweradi anthu a m'deralo, petulo anapezeka, ndipo mapeto ace mlendoyo anaitanidwa ku ukwati wa banja la mtundu wa Rajput. Pa ukwatipo munthu wina woombeza anagwira dzanja lao nawauza kuti moyo wao uli pansi pa nyenyezi ya Jupiter. Apa ndipo panacokera dzina la buku lao, Jupiter's Travels, limene linasindikizidwa mu 1979. Petulo akadakwanira, akadapitirira mudziwo monga anapitirira ina yambirimbiri, osaudziwa ndi dzina lomwe.

Kucokera ku India anadzera ku Pakistan, Afghanistan, Iran ndi Turkey, nafika ku Britain m'caka ca 1977. Njinga ija inakaikidwa m'nyumba yoonetseramo magalimoto akale mu mzinda wa Coventry. Buku lao linadzutsa mtima wa anthu ambiri, ena mwa iwo ndi Ewan McGregor ndi Charley Boorman, amene anazungulira dziko pa njinga zamoto mu 2004, ndipo mu 2007 anayenda kucokera ku Scotland kukafika ku Cape Town, napyola Malawi ndi Zambia.

M'caka ca 2001, ali ndi zaka 69, Bambo Simon ananyamukanso, tsopano pa njinga ya BMW, kutsata njira yao yakale kuti akaone malo ndi anthu aja. Anapeza mizinda itakula, anthu atacuruka, ndipo ambiri mwa amene anawasunga kale anali atasamuka kapena kumwalira. Ku Kenya anagwa nathyoka mwendo, ndipo anayeneranso kunyamulidwa ndi kusamalidwa ndi anthu ena. Fupa litalumikizana anakweranso njinga, naloza kumwera. Ulendo waciwiriwu unatenga zaka zoposa ziwiri, ndipo anaulemba m'buku lochedwa Dreaming of Jupiter, limene linatuluka mu 2007.