Musanakumbe Maziko a Nyumba ya Alendo kwa Zulu

Chitsegulireni maofesi atsopano a pachipata cha Mchinji ndi Mwami mu 2022, poonanso khamu limene limadutsa kwathu kuno kunka ku Nc'wala kwa Mpezeni, ku Kulamba kwa Gawa Undi, kapena kukaona nyama ku Luangwa, ambiri a m'dziko la Inkosi Zulu agwidwa ndi khumbo lomanga nyumba zogona alendo m'tsinde mwa mapiri a Mchinji. Koma popeza odziwa njira yake ngowerengeka, ena abwezedwa kuboma mapulani ali m'manja, ena adyeredwa chuma ndi akamberembere odzitcha abwenzi a mabwana.

Chiyambi chake nchosavuta. Malo a makolo ayambira kwa amfumu ndi komiti ya malo, monga mwa lamulo la 2016. Kenaka mmisiri wojambula alemba pulani, imene ipita ku khonsolo, pakuti lamulo la mapulani la chaka chomwecho linafungatira dziko lonse, ndi midzi yomwe. Malo akayandikana ndi mtsinje kapena nkhalango yotetezedwa, a bungwe la MEPA ayenera kuunika za chilengedwe, ndipo chiphaso cholandirira alendo chidza pambuyo pa zonse, kuchokera ku nthambi yokopa alendo.

Pamene ulendo umaimira ndi pa kuyendera malo. Pulani ndi pepala chabe, ndipo silinena ngati pansipo pali thanthwe, kapena dongo la kudambo lotupa m'dzinja ndi kung'aluka m'chilimwe, kapena khwawa lakale lokwiririka. Nchifukwa chake komiti ya khonsolo isanavomere, wina ayenera kufika ndi kuponda nthakayo ndi mapazi ake. Koma inu mudzamva kuti galimoto ilibe mafuta, kuti abwana ali kumsonkhano kunyanja, kuti komiti sinakhale poti alawansi sinafike. Ndipo mutatopa ndi kupalasa njinga kunka kuboma, simenti ikukwera mtengo mwezi ndi mwezi, wina adzakunong'onezani kuti mukapereka kangachepe chidindo chigwa lero lomwe, osavutika nkuyendera. Musalole, pakuti chidindo chotero sichidzagwira phiri tsiku la mvula.

Ena adzati kuno nkumtunda, kutali ndi chigwa cha nyanja kumene kunagwa chivomezi cha ku Salima mu 1989 ndi zija za ku Karonga mu 2009. Nzoona, koma Napolo sadikira chivomezi, pakuti ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndi ku Chilobwe patsinde pa Soche mu 2023, inali mvula yokhutitsa nthaka ya paphiri imene inatsitsa matope ndi miyala pa anthu. Ndipo mapiri athu, amene abala mtsinje wa Bua, nkhwangwa za owotcha makala zawameta ndithu. Akulu anati madzi saiwala khwawa.

Potero wanzeru achite izi, ngakhale ndalama zake sizilembedwa pa fomu iliyonse. Ayambe wafunsa nkhalamba za pamudzi kumene madzi anadzera zaka za chigumula, pakuti safunsa anadya phula. Aitane injiniya akumbe maenje oyesera natumize dothi kukapimidwa ku Lilongwe. Malo akakhala otsetsereka kwambiri, afunse a Geological Survey, amene likulu lawo lili ku Zomba. Pomanga, asadule tsinde la chitunda pofuna bwalo lalikulu. Akumbe ngalande kumtunda kwa nyumba, abzale vetiva ndi mitengo, aike dzenje la zonyansa kumunsi. Ndipo koposa nyumba yosanja yolemera, amange tinyumba tapansi totalikirana, tomangidwa lamba wa konkire ndi zitsulo pamwamba pa khoma, ndi denga lopepuka. Ku khonsolo alembe kalata yopempha tsiku loyendera malo, asunge ina yodindidwa, ndipo tambala iliyonse aiperekere risiti.

Kwa a khonsolo pempho lathu ndi limodzi: alembe pakhomo poonekera mitengo yonse, masiku okhalira komiti, ndi amene ayenera kugula mafuta a galimoto, kuti munthu asamaphunzire lamulo pakamwa pa wakuba. Mlendo akalipira chipinda nagona, saidziwa mbiri ya phirilo. Waika moyo wake m'manja mwa womanga ndi wodinda, ndipo onse awiri adzayankha mlandu wake.