Kavalo Woyamba wa Mlimi wa Nkhosa

M'dziko la Lesotho, kumene kuli mapiri ataliatali, alimi ambiri amaŵeta nkhosa za Merino chifukwa cha ubweya wake. Kumapiriko miseu ndi yochepa, motero kavalo ndiye amathandiza pa ulendo. Koma mlimi asanagule kavalo wake woyamba ayenera kukonzekera bwino.

Poyamba aganizire za msipu, pakuti kavalo mmodzi amadya udzu wokwanira nkhosa zisanu kapena kuposerapo. Asungenso udzu wouma woti adzadye mu Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimapha msipu. Udzuwo usachite nkhungu. Kavalo sabzikula monga nkhosa, ndiponso satha kusanza. Akadya choola amadwala m'mimba, mwina mpaka kufa kumene. Ngakhale chakudya cha nkhosa cha m'sitolo nchosayenera kumpatsa mwachisawawa, popeza china chimakhala ndi mankhwala amene amapha kavalo. Madzi amamwa malita 20 mpaka 40 pa tsiku.

Khola likhale lakelake, lopanda waya waminga. Kodi kamwana ka nkhosa kangapulumuke katapondedwa ndi chiboda cha kavalo? Nchifukwa chake masiku oyamba kavalo ndi nkhosa azingoonana pali mpanda pakati, kufikira atazoloŵerana.